Digiri ya zisudzo: zimene mwana amakaphunzira ku Zomba, ndi ntchito imene ikumudikira ku Kasungu

Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwira ku mayunivesite a boma, m'makomo ambiri muno mu Kasungu mumamveka nthungululu. Wina watengedwa udokotala, wina zamalamulo, wina zaulimi ku Bunda. Koma pakhomo pamene mwana watengedwa kukaphunzira zisudzo ku University of Malawi ku Zomba, nthungululu zimachedwa. Bambo amayamba afunsa kaye: "Amake mwana, ndiye kuti mabelo onse aja tigulitsire zoti azikaphunzira kuseketsa anthu?" Funsoli si lachipongwe ayi. Likuchokera kwa munthu amene wathirira nazale ya fodya dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, wawokera, wathyola, wasoka, wadinda mabelo mpaka kukafika nawo ku Chinkhoma, ndipo akudziwa thukuta limene lili pa kwacha iliyonse. Munthu wotere ayenera kuyankhidwa mokwanira.

Digiriyi imatenga zaka zinayi, ndipo kuseketsa ndi kachigawo kakang'ono chabe. Choyamba chimene wophunzira amalimbana nacho ndi thupi lake lomwe ndi mawu ake. Amaphunzira kapumidwe koti mawu akafike kwa gogo amene wakhala kumapeto kwa bwalo popanda kukuwa mpaka kusasa mawu. Amaphunzira poima, potembenukira, nthawi yokhala chete. Kenako amafika pa chinthu chovuta kwambiri, chomwe ndi kukhala munthu wina. Katswiri wa ku Russia, Konstantin Stanislavski, adasiya njira imene ikuphunzitsidwa pafupifupi paliponse: wosewera asayambe ndi kufunsa kuti munthuyu amaoneka bwanji, ayambe ndi kufunsa kuti akufuna chiyani, ndipo chikumutchinga n'chiyani.

Titenge kapitawo wa pa esiteti ya fodya. Mnyamata wosaphunzitsidwa mukamupatsa gawo limeneli amaika pilo pamimba, kunyamula ndodo, n'kuyamba kukalipira matenanti. Anthu aseka ndithu, koma akamabwerera kunyumba palibe chatsopano chimene atola, poti kapitawo wankhanza amamudziwa kale. Wophunzitsidwa amayamba wafufuza. Amapeza kuti kapitawoyo nayenso ali ndi ngongole kwa mwini esiteti, kuti fodya akapanda kufika muyezo woyamba kuchotsedwa ntchito ndi iyeyo, kuti mwana wake wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Akamakalipira tenanti pa nsanja, woonera amaona mantha amene abisala kuseri kwa ukaliwo. Apo anthu saseka kwambiri. Amayamba kufunsana kuti kodi vuto lenileni lagona pati. Kusiyana kwa anyamata awiriwa ndiko chimene fizi ija imagula.

Pa digiriyi palinso kulemba sewero, kumene munthu amaphunzira kuti nkhani imayenda ndi mkangano osati ulaliki, ndiponso kuti chimene wasiya osanena nthawi zambiri chimalemera kuposa chimene wanena. Pali kutsogolera sewero, ntchito ya dayirekita, yolumikiza anthu khumi a maganizo osiyana kuti apange chinthu chimodzi. Pali za magetsi, zovala, kakonzedwe ka nsanja, ndi kayendetsedwe ka gulu: bajeti, kubwereka holo, kulengeza, kuwerengera ndalama za pakhomo. Ndipo pali kuwerenga kochuluka, kumene ana ambiri sakuyembekezera. Amawerenga za Agiriki a ku Athens amene ankachita mipikisano ya masewero zaka zoposa 2,400 zapitazo, chiyankhulo chawo chija chimene chakhala chikuphunzitsidwa konkuno ku Mtunthama chitsegulireni Kamuzu Academy mu 1981. Amawerenga za Bertolt Brecht wa ku Germany amene ankafuna kuti woonera aziganiza m'malo mongotengeka mtima, za Wole Soyinka wa ku Nigeria amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1986, ndi za Ngugi wa Thiong'o amene adatsekeredwa ku Kenya mu 1977 atapanga sewero m'Chikikuyu pamodzi ndi alimi ndi antchito a ku Kamiriithu.

Koma chimene ndimafuna makolo a kuno atamvetsa n'chakuti mwana wochokera kwa Kaomba, kwa Chulu, ku Santhe kapena ku Chamama safika ku Zomba chimanjamanja. Wakulira pa bwalo. Ndiyenera kunena mosamala apa: Gule Wamkulu si sewero. Ndi mwambo, uli ndi eni ake, uli ndi malamulo ake, ndipo za kudambwe si zokakambirana m'kalasi. Bungwe la UNESCO lidauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, pamodzi ndi Vimbuza, koma kuzindikirika kumeneko sikuchotsa ulemu wake. Chimene ndikunena ndi chomwe aliyense woimirira pa bwalo amaona ndi maso ake. Amaona kuti anthu akazungulira, palibe kumbuyo kwa nsanja kobisalako. Amaona kuti amayi oimba ndi kuomba m'manja si ongoonerera, popeza iwo akafooka gule yense afooka. Amaona wang'oma akuyankhulana ndi wovina popanda mawu. Amaona chilombo chikudzudzula khalidwe loipa pongolionetsa poyera, osati pochita kulalikira. Mganda nawo uli ndi phunziro lake: makolo athu adaona perete wa asilikali a atsamunda, n'kutenga mizere, yunifolomu ndi maudindo ake, n'kuzisandutsa gule wawowawo. Ngakhale nthano za madzulo zimayamba ndi pangano la pakati pa wonena ndi omvera, wina akati "Padangokhala" enawo n'kuyankha kuti "Tili tonse". Akatswiri a kunja adavutika zaka zambiri kufunafuna njira yochotsera mpanda pakati pa wosewera ndi woonera. Kuno mpandawo sudamangidwepo.

Zidatenga nthawi kuti yunivesite yathu izindikire zimenezi. University of Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Gulu lake la Travelling Theatre poyamba linkayendera kwambiri masukulu a sekondale ndi masewero a Chingerezi. Mpikisano wa masewero wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, umene udayamba mu 1969, cholinga chake chidali kunola ana pa Chingerezi chomwecho. Pamwamba pa izo padali lamulo la 1968 lokhazikitsa Censorship Board, limene linkafuna kuti sewero liyambe laonedwa ndi kuvomerezedwa lisanakafike kwa anthu. Idali nthawi yoti liwu limodzi lopotoka likadakutayitsa ufulu. Jack Mapanje, amene ankatsogolera dipatimenti ya Chingerezi pa koleji yomweyo, adamangidwa mu 1987 n'kukatuluka mu 1991 osazengedwa mlandu. Olemba adaphunzira kuyankhula mophiphiritsa, kubisa nkhani za lero m'mbiri yakale ndi m'nthano, ndipo oonera adaphunzira kumva zosanenedwa.

Kusintha kwakukulu kudadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr adayamba kutengera ophunzira kumidzi kukapanga masewero a Chichewa osachita kulemba liwu ndi liwu. Mu 1981 adapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. M'zaka zotsatira adagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za madzi ndi ukhondo. Apa ndi pamene padaphukira chimene lero chimatchedwa Theatre for Development, zisudzo zachitukuko, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene amatchulidwa nkhaniyi ikamaphunzitsidwa mu Africa muno.

Njira yake, ikachitidwa moyenera, imayenda chonchi. Ophunzira amakagona m'mudzimo masiku angapo, atapempha chilolezo kwa a mfumu. Sabwera ndi sewero lopangiratu. Amakhala pa mjigo, pa chigayo, pa bawo, kumunda, kumvetsera. Amayi amawamvera paokha, achinyamata paokha, chifukwa zimene mayi anganene pamaso pa apongozi ake si zimene anganene ali ndi anzake kudambo. Madzulo amakumana n'kusanthula zimene amva, kusiyanitsa chodandaula chapakamwa ndi muzu wa vuto. Kenako amaumba sewero pogwiritsa ntchito nyimbo ndi magule a m'mudzi momwemo, n'kulisiya dala lopanda mathero. Likafika pothina, wosewera amatembenukira kwa anthu: "Inu a gogo, mukadakhala inu mukadatani?" Augusto Boal wa ku Brazil adapita patsogolo ndi ganizoli polola woonera kulowa m'bwalo, kutenga malo a wosewera, n'kuyesa yekha njira yake. Zikatha, anthu amagwirizana zochita, wozichita ndi tsiku lake.

Taganizirani nkhani ya njovu. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku paki yathu ya Kasungu. Kwa oteteza zachilengedwe idali nkhani yabwino. Kwa mlimi wa m'malire mwa paki, amene amagona m'munda kulondera chimanga, ndi nkhani ina. Mlonda wa paki naye ali ndi mbali yake, mfumu ili ndi yake, mnyamata wotchera misampha chifukwa pakhomo palibe ndiwo ali ndi yake. Nkhani yotere singathe ndi chikwangwani kapena uthenga wa pa chimkuzamawu. Imafuna bwalo pamene aliyense adzione yekha komanso aone mnzakeyo ngati munthu, n'kuyankhula zimene pa msonkhano wa akuluakulu sangayerekeze kunena. Kuyendetsa bwalo lotere osalola kuti lisanduke ndewu kapena msonkhano wandale ndi luso lochita kuphunzira, ndipo si aliyense wodziwa kuseketsa amene angalithe.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chida chabwinochi tachifupikitsa mpaka chatsala dzina lokha. Pa zochitika zambiri za mabungwe, gulu la zisudzo limaitanidwa kutatsala masiku awiri, kupatsidwa pepala la mauthenga asanu, n'kuuzidwa kuti lichite kasewero ka mphindi khumi mlendo wolemekezeka asanayankhule. Bambo woledzera amalowa akudzandira, mayi amalira, kenako munthu wovala malaya a pulojekiti amabwera kudzawalangiza, onse n'kutembenuka mtima nthawi yomweyo. Palibe amene wafufuza, palibe amene wafunsidwa, ndipo anthu akudziwa mathero sewero lisanayambe. Sindikudzudzula anyamata ndi atsikana amene amachita zimenezi, chifukwa kaalawansi kameneko ndiko kamagula sopo. Koma gulu lodalira mapulojekiti okha lili ngati mlimi wa pa kontirakiti: mbewu, feteleza ndi mtengo zonse wanena ndi wogula, ndipo chaka chimene wogulayo sabwera, munda umagona. Magulu ambiri a achinyamata m'maboma muno amatha tsiku limene pulojekiti yatha. Choipa china n'chakuti anthu tazolowera kuti zisudzo ndi zaulere, zobwera pa lole, mwina n'kugawirako ndi malaya.

Sizidali choncho nthawi zonse. Padali nthawi imene anthu ankaima pa mzere ndi ndalama m'manja. Du Chisiza Jr adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 ndi cholinga choti zisudzo zikhale ntchito yodyetsa munthu, ndipo mpaka imfa yake mu 1999 ankadzaza maholo ndi masewero okhudza ndale ndi chikhalidwe. Gertrude Kamkwatira adanyamula ntchitoyo, kulemba ndi kutsogolera yekha m'gulu lake la Wanna-Do, kufikira adatisiya mu 2006. Kwathu Drama Group idaonetsa kuti Chichewa chimagulitsa matikiti, ndipo Izeki ndi Jakobo, omwe ndi malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, adafika m'nyumba iliyonse. Pa wayilesi ya MBC anthu ankasiya zochita kuti amvere Kapalepale ndi Pamajiga. Michael Usi, amene dziko lidamudziwa ngati Manganya, adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024.

Wina anena kuti ambiri mwa akatswiri athu adaphunzirira pa nsanja pomwepo, nanga digiri n'njachiyani? Zoona, luso silichokera m'kalasi. Koma taonani zimene zimachitika mwini luso akamwalira. Gulu limagwedezeka, nthawi zambiri limatha, chifukwa nzeru zonse zidali m'mutu mwa munthu mmodzi. Sukulu imasandutsa luso kukhala chinthu chotheka kuchifotokoza, kuchiphunzitsa ndi kuchisiyira ena. Imaphunzitsanso kudzudzulidwa. Wophunzira amaonetsa ntchito yake, anzake ndi aphunzitsi n'kuiphwasula, iye n'kukaikonzanso. M'magulu athu ambiri mwini gulu satsutsidwa, ndiye cholakwika chomwecho chimabwerezedwa zaka khumi.

Lero nsanja yaikulu ili m'manja mwa aliyense. TV ya boma itayamba mu 1999, kenako makanema a m'mavidiyo shoo omasuliridwa m'Chichewa atadzaza m'misika ngati ya Nkhamenya ndi Chinkhoma, holo idayamba kuchepa anthu. Mliri wa Covid-19 mu 2020 udatseka ndi zotsala zomwe. Tsopano mnyamata wa foni yabwino amajambula kasewero ka mphindi imodzi, kukaika pa TikTok kapena pa Facebook, n'kuonedwa ndi anthu ochuluka kuposa amene angakwane m'holo iliyonse m'dziko muno. Ine sindiona foni ngati mdani. Ena mwa achinyamatawa ali ndi khutu lakuthwa pa mayankhulidwe a anthu, ndipo apeza njira yopezera ndalama kudzera m'malonda a makampani. Koma mphindi imodzi imangokwana nthabwala imodzi. Singanyamule nkhani ya mkangano wa malo pakati pa ana a mwini munda ndi a malume awo, kapena ya mtsikana amene wabwerera ku sukulu atabereka. Komanso pa foni aliyense amaseka yekha. Pa bwalo mfumu, mphunzitsi, tenanti ndi mwini esiteti amaona chinthu chimodzi nthawi imodzi, aliyense akuona nkhope ya mnzake.

Zisudzo za pa nsanja sizidafe. Magulu monga Nanzikambe Arts ndi Solomonic Peacocks, amene amakonza Easter Theatre Festival, akhala akugwirabe ntchito, ndipo masukulu a sekondale akupikisanabe mu ATEM ndi mu mpikisano wa zaluso wa NASFEST. Vuto n'lakuti zambiri zimathera ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Gulu loti libwere ku Kasungu liyenera kulipira galimoto, malo ogona, holo, ndi jenereta podziwa kuti magetsi angathe kuzima sewero lili pakati. Likawerengera ndalama za pakhomo, masamu sakugwirizana. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti yankho ndi kudikira alendo. Yankho ndi magulu a konkuno, otsogoleredwa ndi anthu ophunzitsidwa, odziwa kalendala ya kuno: kuti miyezi ya msika wa fodya, soya ndi mtedza ndiyo anthu amakhala ndi kangachepe m'thumba, kuti nthawi ya dzinja aliyense ali kumunda, kuti Lamlungu masana mpira ukatha anthu amakhala atasonkhana kale.

Nanga funso la bambo lija, loti mwanayu akadya chiyani? Chilungamo chake n'chakuti ndi ochepa kwambiri m'Malawi muno amene amadya za pa nsanja zokha, ndipo mwana asanamizidwe. Ambiri omaliza maphunzirowa amalowa ntchito zoyandikana nazo. Ena amaphunzitsa. Ena ali m'nyumba zoulutsira mawu, kulemba ndi kukonza mapulogalamu. Ena ali m'mabungwe amene maziko awo ndi luso lomweli, monga CRECCOM ya ku Zomba, Theatre for a Change, ndi Story Workshop imene idatchuka ndi sewero la pa wayilesi la Zimachitika. Ena amapanga mafilimu ndi malonda otsatsa, ena ndi ofalitsa nkhani m'makampani ndi m'boma. Chimene olemba ntchito amagula mwa iwo ndi kutha kuima pamaso pa anthu, kumvetsera, kulemba zomveka, ndi kumaliza ntchito pa tsiku lake, poti tsiku la sewero silisunthika. Ulova ulipo, monga ulili kwa omaliza maphunziro ena ambiri, ndipo amene amapulumuka msanga ndi amene adayamba kupanga zinthu akadali pa sukulu. Polowera pake ndi pomwe pa ena onse: makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, kufunsira malo kudzera ku NCHE, ndipo ovutika fizi angathe kufunsira ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Chigawireni University of Malawi mu 2021, dzinali lidatsalira koleji ya ku Zomba ija, ndipo kumeneko ndiko kuli mizu ya maphunzirowa.

Ntchito yoti womaliza maphunziro agwire kuno ilipo yambiri, ngakhale kuti yambiri mwa iyo ilibe ofesi. M'masukulu a pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo aphunzitsi amene akuphunzitsidwa ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu TTC angapindule kukumana ndi munthu wodziwa kusandutsa kalasi ya ana ochuluka kukhala bwalo. Makalabu a zisudzo m'masekondale nthawi zambiri amasiyidwa m'manja mwa mphunzitsi wa Chingerezi amene ali ndi mtima koma sadaphunzitsidwepo kutsogolera sewero. Mawayilesi a m'madera, monga Mudzi Wathu kwa anansi athu ku Mchinji, amafika kumene gulu loyenda silingafike, ndipo sewero la pa wayilesi silifuna holo kapena zovala.

Ndipo pali ntchito ya kulemba. Masewero ambiri a Chichewa amene adagwedeza anthu adaumbidwa pokambirana, sadalembedwe, ndipo adapita ndi eni ake. Mphunzitsi wa ku Chamama akafuna sewero la Chichewa loti ana ake achite, amasowa potola, ndiye amapeka lake usiku umodzi kapena kutengera zimene ana aona pa foni. Pakufunika anthu okhala pansi ndi akuluakulu a magulu akale akadali moyo, kulemba zimene akukumbukira, ndi kulemba masewero atsopano a mphindi makumi anayi, a anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, otheka kuchitika pansi pa mtengo popanda magetsi, oti sukulu iliyonse ingathe kuchita fotokope n'kuyamba kuyeserera Lolemba.